Airbrush ikamalavula penti kuno ku Joni, musathamangire kugula ina

Loweruka lina mu July, m'mawa kukuzizira kuja koti madzi a pampopi wapanja amaluma zala, mphwanga wina wa ku Balaka anagogoda pachipinda changa ku Turffontein atapanira bokosi la nsapato m'khwapa. M'bokosimo munali kandege kapulasitiki ka 1/72, kutanthauza kochepa ka 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni, kamene anakhala akumanga kwa milungu itatu, ndi ma airbrush awiri, zida zazing'ono zopopera penti ndi mpweya, atawakulunga m'sokosi. Mapiko a kandegeko anali okhakhala ngati sandipepa, ndipo chakumchira kunali timadontho tonenepa ta penti, titauma tili chitukumukire.

"Achimwene, ndagula ziwiri koma zonse n'zabodza. Tandiuzani yeniyeni, ndikalandira ndikagule."

Ndinamuuza kuti ayambe wakhala, tiyi ali pamoto. Ndinatenga imodzi, n'kumasula kachipewa kakutsogolo, n'kuyang'ana pawindo nsonga ya singano, kachitsulo kosongoka ka mkati kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya penti. Panali kachibuluma ka penti wouma, kochepa kuposa mutu wa machesi. Ndinakachotsa ndi kathonje konyowetsa, penti wake yemweyo ndinamuwonjezera thinner, mankhwala osungunulira penti, mpweya ndinautsitsa pa kompresa. Airbrush imene ankaitcha yabodza ija inalemba mzere wosalala kumsana kwa supuni ya pulasitiki, kuchokera kumutu mpaka kuchigwiriro, osalavula ngakhale kamodzi.

Zoterezi ndaziona kambirimbiri ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama ya kuno timaipeza ndi thukuta, ina ikudikiridwa kumudzi. Munthu akagula airbrush yachitatu pomwe vuto silili mu airbrush, ndiye kuti wataya ndalama ya feteleza. Ambirife tinayambira pa magalimoto amawaya, ena tinkapita ku Chileka kukaonerera ndege zikutera, ndipo tafika kuno tapeza ndege zomwezo zili m'mabokosi, zoti umange wekha. Kumanga sikutivuta, manja anazolowera kalekale. Timagwera popenta. Ndiye ndifotokoza zimene ndimayang'ana airbrush ikayamba makani, za kugula zibwera pambuyo, poti munthu amasankha bwino akadziwa kaye chimene chimavuta.

Mpweya wa kuno si wa ku Durban

Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Blantyre ndi Lilongwe zili cha m'ma 1,000, ndipo kwa inu a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, nyanja yathu siifika ndi pa 500 pomwe. Kuno mpweya ndi wopepuka. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa. Kuyambira May mpaka August mvula imasowa, milomo imang'ambika, malaya ochapa m'mawa amauma dzuwa lisanafike paliwombo. Chimene chikuumitsa malayawo ndi chomwenso chikuumitsa penti wanu. Airbrush imaswa penti kukhala timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo kadontho kotero sikachedwa kuuma. Nyengo yozizira ya kuno, kamauma kali m'njira, n'kufika pa pulasitiki ngati fumbi. Kukhakhala kwa mapiko aja kunachokera pamenepo.

Mavidiyo ambiri amene timaphunzirako pa YouTube amajambulidwa ku Britain ndi kumaiko ena achinyezi. Akanena kuti penti gawo limodzi, thinner gawo limodzi, mpweya 20 PSI (muyezo wa mphamvu ya mpweya), sakunama ayi, kwawoko zimatheka. Inu mukatsatira ndendende mu July muli ku Rosettenville, sandipepa uja mumupeza.

Mankhwala ake ndi zinthu zitatu zochitira pamodzi: sungunulani kwambiri, tsitsani mpweya, ndipo sendezani dzanja pafupi. Mukachita chimodzi n'kusiya zinazo mungosintha mtundu wa vuto. Penti wa Tamiya wa X ndi XF, amene thinner wake ndi X-20A, ine m'nyengo yozizira ndimayambira pa gawo limodzi la penti ndi magawo awiri a thinner, n'kuikamo kadontho ka retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma. Retarder ameneyu asapose gawo limodzi pa magawo 10 a penti, apo ayi kandege kakhala konata mpaka mawa. Amene mumagwiritsa ntchito Mr. Color, thinner wawo wotchedwa Leveling ali kale ndi mankhwala ochedwetsawo, ndipo kuno amathandiza kwabasi. Vallejo Model Air amabwera wosungunula kale, komabe mumpweya wouma uno amafuna thinner wake pang'ono ndi dontho limodzi kapena awiri a Flow Improver pa madontho 10 a penti.

Musadalire manambala okha, chifukwa botolo limene lakhalitsa limalimba. Yang'anani ndi maso. Penti woyenera amakhala ngati tiyi wamkaka, osati thobwa, osatinso phala la mwana. Tengani dontho ndi kamtengo, lipakeni m'mbali mwa kakapu. Likatsika msanga n'kusiya kautoto kopyapyala m'mbuyo, ali bwino. Likangoima pomwepo, onjezerani thinner. Likatsika ngati madzi osasiya mtundu uliwonse, mwapitiriza.

Mpweya ndimausunga pakati pa 12 ndi 18 PSI. Ngati geji ya pa kompresa yanu imawerenga ma bar, bar imodzi ndi 14.5 PSI. Apa pali kanthu kamene ambiri sakadziwa: tcherani geji chala chili chodina, mpweya ukutuluka. Muvi wa geji umatsika mukangodina, ndipo nambala yeniyeni imene mukupentera ndi yotsikayo. Kutalika kwa dzanja kukhale masentimita 5 mpaka 10, titi zala zitatu kufika chikhatho chimodzi. Mphwanga uja ankaimira kutali ngati akupopera chitseko cha galimoto, chifukwa kuntchito kwake pagaraja ndi mmene anaphunzirira.

Pali malo amodzi amene amakhakhala ngakhale zonse zili bwino, pamene phiko limakumana ndi thupi la ndege. Pakona pamenepo mpweya umazungulira ngati kamvuluvulu, penti n'kuuma akuzungulira. Yambirani pomwepo kupenta, ndi mpweya wochepa, muli pafupi, kenako muzipita poyera. Ngati pakhakhala kale, musakande ndi mphamvu. Dikirani tsiku lathunthu, n'kupukuta ndi kansalu ka sikipa yakale kapena sandipepa wa 2000 wonyowetsa, pang'onopang'ono.

Tsono kulavula. Timadontho tonenepa tija timachokera pa nsonga ya singano. Penti amaunjikana pamenepo pang'onopang'ono n'kuuma, mzere umayamba kuchepa, inu mumakoka chala kwambiri kuti atuluke, ndiye chibuluma chonse chimasomphoka n'kukamatirira pa kandege. Penti wamadzi ndiye amachita zimenezi kwambiri, makamaka woyera ndi primer, penti woyamba wapansi uja. Khalani ndi kathonje konyowetsa thinner pambali, ndipo pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri pukutani nsongayo mofatsa, osadikira kuti itsekeke. Mzere ukayamba kuchepa, chotsani dzanja pa kandege, tsukani, yesani papepala, bwererani.

Chinanso ndi chala chenichenicho. Pa airbrush ya double action, kudina pansi kabatani kapamwamba kumatulutsa mpweya, kukakokera m'mbuyo kumatulutsa penti. Mpweya ndiwo uyambe, penti atsatire. Pomaliza bwezani chala kutsogolo kuti penti asiye, mpweya ukadali kutuluka, kenako tukulani. Mukangosiya zonse nthawi imodzi, dontho limatsala lili lende pa singano, ndipo mukadinanso limauluka. Yambiraninso kupopera pambali pa kandege, osati pamwamba pake. Gulani paketi ya masupuni apulasitiki muzolowetse chala pamenepo. Supuni ndi yabwino kuposa pepala, chifukwa pepala limamwa penti n'kubisa zolakwa, pomwe supuni ndi yoterera ndi yokhota ngati thupi la ndege.

Za kuzizira ndinenepo pang'ono. Chipinda cha malata m'mawa wa June chimakhala ngati filiji, ndipo penti wamadzi sagwira bwino kukazizira pansi pa madigiri 10. Dikirani dzuwa litenthetse denga, cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko, botolo la penti muliike kaye m'thumba la buluku lifunde. Mu August mphepo imanyamula fumbi la m'misewu ndi la m'zitunda za migodi, ndipo pulasitiki wouma amakoka fumbilo ngati chipeso chokhutiza m'mutu. Ine ndimawaza madzi pansi ndisanayambe, monga amachitira amayi kumudzi asanasese pabwalo. Fumbi limagona, ndipo m'chipindamo mumalowa kachinyezi. Ndikamaliza ndimavindikira kandege ndi chibekete cha ayisikilimu.

Kakapu kakamawira thovu

Mukadina mpweya, penti wa m'kakapu n'kuyamba kubwata, ndiye kuti mpweya wapeza njira yobwerera m'mbuyo. Yambani ndi chapafupi: kachipewa kamene kamavindikira nozzle, kachitsulo ka kabowo kotulukira penti kutsogolo, kangakhale kosamanga bwino. Kamangeni ndi zala. Zikapitirira, masulani nozzle muone ngati muli penti wouma mkati kapena pamene imakhala. Zikakanikabe, tengani foni, yatsani kamera, kulitsani chithunzi pa kamwa ya nozzle. Yabwino imaoneka yozungulira bwinobwino. Yowonongeka imakhala ndi kamng'alu ngati tsitsi, kapena kamwa yake yayasamula ngati duwa la dzungu. Imeneyo ilibe mankhwala, n'kugula ina basi.

Nozzle siing'ambika yokha. Timaing'amba ndife pokankha singano ndi mphamvu pobwezeretsa. Singano imangofuna kuikankha ndi chala chimodzi mpaka itagunda, basi. Ma nozzle ang'onoang'ono omanga ndi kasipanala aja ali ndi mazinga opyapyala kwambiri, ndipo mukawonjezera kamphamvu pang'ono amaduka, mbali ina n'kutsalira mkati. Ikangogwira, siyani. Ngati mpweya ukudutsabe m'mazingamo, pakani kaphula ka njuchi kochepa zedi, kapena mafuta opaka pamilomo aja, ndipo mpata umatsekeka.

Penti akamapita mbali imodzi kapena kumwazika ngati mchenga, kayikirani singano. Igubuduzeni pagalasi, yokhota imaoneka nsonga ikugwedera. Mukaidutsitsa pachala mumamva kambedza. Mbedza yaing'ono imawongoka mukaigoneka pa chinthu cholimba n'kumaizunguza mukuipsinja pang'ono. Koma chonde, singano yokhota musaikokere m'mbuyo kudzera mu nozzle, iing'amba. Iwongoleni kaye ili pomwepo, kapena chotsani nozzle mosamala kwambiri.

Mpweya ukutuluka koma penti ayi? Tsegulani chakumbuyo muone kanati kamene kamagwira singano. Kakamasuka, kabatani kamayenda koma singano ili phee. Onaninso kabowo ka pachivindikiro cha kakapu, kakatsekeka penti satsika. Penti akamatuluka musanakoke n'komwe, singano siinafike kumapeto, kapena mu nozzle muli kachitsotso.

Nanga penti akamamwazikira m'mbali ngati miyendo ya kangaude? Pamenepo mwasungunula kwambiri, kapena mwayandikira kwambiri ndi mpweya wambiri, kapena dzanja laima malo amodzi. Tsitsani mpweya, kokani chala pang'ono pokha, dzanja liziyenda. Pulasitiki wopanda primer amachitanso zimenezi chifukwa ndi woterera, ndiye tsukani zidutswa ndi sopo wa mbale kuti mafuta a m'manja achoke, n'kupaka primer.

Mvula ikayamba vuto limasintha

Kuyambira October mpaka March, masiku a mabingu a masana aja, kuuma kwa penti kumachepa koma kumabwera madzi. Kompresa ikapanikiza mpweya wachinyezi imautenthetsa, mpweyawo ukamazizira m'thanki ndi m'paipi madzi amatsalira. Mukupenta bwinobwino, mwadzidzidzi psii, dontho la madzi lagwera pakati pa phiko. Pa penti wamadzi limasiya chibowo chozungulira, pa lacquer, penti wa thinner waukali, limasiya chipsera. Pansi pa thanki pali kabawuti kotulutsira madzi, ndipo anthu ambiri sanakagwirepo chigulireni kompresa. Kamasuleni mukamaliza ntchito. Mudzaona madzi ofiira ndi dzimbiri akutuluka, ndipo dzimbiri limenelo likudya thanki yanu mkati. Kagalasi kokola madzi ka pa geji muzikakhuthulanso, ndipo ngati paipi ndi yaitali, ikani kena kakang'ono pansi penipeni pa airbrush. Tsiku limene mvula ikugwa musapope vanishi wa lacquer, amachita mbuu ngati nkhungu.

Makompresa ang'onoang'ono amene ambiri tili nawo, a mtundu wa AS-186, ali ndi thanki ya malita 3. Amazima okha akafika 4 bar n'kuyakanso akatsika pa 3. Opanda thanki amalira nthawi yonse imene mukupenta, amatentha msanga, madzi amachuluka, ndipo mpweya wake umabwera modukizaduka, moti pamzere wopyapyala mumaona timfundo ngati mikanda. Kumtunda kuno kompresa iliyonse imakoka mpweya wopepuka, choncho imachedwerapo kudzaza kusiyana ndi kunyanja. Ikatentha moti simungaigwire, ipumitseni.

Magetsi akazima muli pakati pa ntchito, musayese kumalizitsa phiko ndi mpweya wotsala m'thanki. Malita 3 sapita patali. Khuthulani penti nthawi yomweyo, thirani thinner, ndipo mpweya wotsalawo mutsukire airbrush. Phiko lidikira, koma penti akaumira mkati mudzataya madzulo onse mukutokosa. Abale amene mumagwira ntchito m'magaraja, kompresa yaikulu ya kuntchito ingathe kuyendetsa airbrush, koma yambiri imayendera oyilo ndipo timadontho ta oyiloyo timabwera ndi mpweya. Pamafunika geji yotsitsira mpweya ndi sefa yabwino, apo ayi penti amachita timabowo tozungulira ngati timaso ta nsomba.

Zosakaniza zosamvana

Penti onse olembedwa kuti acrylic si amodzi. Wa Tamiya ali ndi alcohol mkati, wa Vallejo ndi wamadzi. Mukathira sipiriti kapena X-20A mu Vallejo, angathe kuundana ngati chambiko m'kakapu momwemo, nozzle n'kutsekeka ndi zinthu zonga chingamu. Enamel, monga wa Humbrol wa m'tizitini, ali ndi thinner wakewake. Lamulo langa ndi lakuti penti aliyense asungunulidwe ndi thinner wa kwawo, ndipo posintha kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina, tsukani mpaka zotuluka zikhale zoyera.

Thinner wa m'mashopu a zomangira, wa m'mabotolo akuluakulu uja, ndi wotchipa ndipo amachotsa penti wouma bwino kwambiri pa singano ndi nozzle. Koma ndi waukali. Pa pulasitiki wa kandege amadya, khungu lake n'kuchita makwinya. Komanso musamize airbrush yonse m'menemo. Pansi pa kabatani kodina kaja pali timphira ta valavu ya mpweya, tikamwa thinner timafufuma, ndipo kabataniko kamayamba kukakamira pansi osabwerera. Madzi otsukira mawindo okhala ndi ammonia nawonso amadya chitsulo chonyezimira cha m'kakapu pang'onopang'ono.

Kutsuka kusamadikire mawa, paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukamaliza, khuthulani, pukutani kakapu, thirani thinner, popani. Tsekani kutsogolo ndi kansalu kuti thinner abwatire m'kakapu, khuthulaninso. Kenako solorani singano muipukute kuchokera kumbuyo kupita kunsonga. Ndi ntchito ya mphindi 5. Kumasula chilichonse tsiku ndi tsiku sikofunika, ndipo ndi pamene ma nozzle ambiri amafera.

Tsono mugule iti?

Ngati mukuyamba kumene, gulani ya double action, ya kakapu kapamwamba, ya nozzle ya 0.3 kapena 0.35 mm. Ngakhale 0.4 ili bwino. Kakapu kapamwamba kamalola kupenta ndi madontho ochepa komanso mpweya wochepa, poti penti amatsika yekha. Za botolo lapansi zimafuna mpweya wambiri kuti zikoke penti, ndipo taona kale zimene mpweya wambiri umachita kuno. Zimawononganso penti, pomwe kabotolo kakang'ono ka Tamiya ndi ka 10 ml kokha.

Msampha waukulu ndi 0.2. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaikonda. Ku Saxonwold, pafupi ndi zoo, kuli Ditsong National Museum of Military History, imene inatsegulidwa mu 1947. Mkatimo muli ndege ya ku Germany ya Messerschmitt Me 262, ya mipando iwiri, yomenya nkhondo usiku, thupi lake lili ndi mawangamawanga ngati nkhanga. Aliyense womanga mamodelo akaima patsogolo pake amalakalaka kupenta mawanga amenewo. Mphwanga uja ndi kumene anakatenga maganizo ogula 0.2, poganiza kuti kabowo kakang'ono ndiye mzere wopyapyala. Zoona zake n'zakuti kupyapyala kwa mzere kumachokera kwambiri ku penti wosungunula bwino, mpweya wochepa ndi dzanja loyandikira. Ndi 0.3 mungathe kulemba mzere ngati wa pensulo. Pomwe 0.2 imatsekeka ndi kachibuluma kalikonse, primer wamadzi imamukana, ndipo singano yake imapindika mukangoigunditsa pang'ono. Ndi chida chabwino, koma chikhale chachiwiri, dzanja litakhwima.

Ya 0.5 ndi ya amene mumamanga zazikulu: magalimoto a 1/24 ofuna penti wonyezimira, akasinja a 1/35, ndi ndege zonyamula anthu. Mukapita ku Rand Airport ku Germiston kukaona Boeing 747 yotchedwa Lebombo, n'kubwera ndi mtima womanga yanu ya 1/144, dziwani kuti mudzapopa penti woyera wambiri, ndipo woyera ndi amene amatseka msanga. Pamenepo kabowo kakakulu kamapulumutsa.

Maina odziwika alipo. Iwata ya ku Japan ili ndi Eclipse HP-CS ya 0.35, imene nozzle yake imakhala pa kachitsulo kakakulu kongolowetsa, kosavuta kugwira ndi zala. Ili ndi Neo CN, ya 0.35 yomweyo, yotsikirapo mtengo. Harder & Steenbeck ya ku Germany ili ndi nozzle yopanda mazinga, imachoka ndi zala popanda sipanala, ndipo thupi limodzi mungaliveke 0.2 kapena 0.4. Kwa munthu wa zala zolimba ndi ntchito za manja, umenewu ndi mwayi waukulu. Badger Patriot 105 ya ku America ndi ya 0.5, siichedwa kutsuka, koma mazinga ake a paipi ndi osiyana ndi 1/8 imene ambiri amagwiritsa ntchito, ndiye pamafunika kolumikizira. Palinso PS-289 ya GSI Creos, ya 0.3, ndi za Sparmax za ku Taiwan.

Koma ine dzina silimene ndimayamba kufunsa. Ndikalowa m'shopu ndimati, "Singano ndi nozzle ya imeneyi muli nazo pashelefu lero?" Akati mpaka aitanitse kunja, ndimaibweza pakauntala ngakhale ikhale yokongola bwanji. Singano idzapindika ndithu tsiku lina, nozzle idzang'ambika, ndipo airbrush yodula yopanda zosinthira imangokhala m'dirowa miyezi. Gulani singano yapadera tsiku lomwelo.

Zopanda dzina zimene zimabwera m'bokosi limodzi ndi kompresa sindizinyoza. Zimapenta, ndipo munthu angaphunzirepo chala ndi kutsuka popanda mantha. Zofooka zake ndi timphira tosapirira lacquer, nozzle yofewa, ndi singano yosasalala imene penti amakakamirapo msanga. Mukadzagula yabwino, yakaleyo muisungire primer ndi vanishi. Chimene ndimaletsa ndi tija tokhala ndi batire m'chigwiriro, topangira zikhadabo ndi makeke. Tambiri mpweya wake ndi wofooka ndipo sutchereka bwino. Pogula yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook, kumanani poyera, tengani kabotolo ka madzi, muipope pamaso pa mwiniwake. Kakapu kakabwata kapena madzi akapita mbali, mwadziwa kale chimene chawonongeka. Ndipo ya dzina lalikulu yogulitsidwa pamtengo wa sikono, ikayikireni, zachinyengo zilipo.

Ndalama zikachepa, ine ndingasankhe kompresa ya thanki ndi airbrush yapakatikati, kusiyana ndi airbrush yapamwamba yolumikiza ku kompresa yopumira m'mwamba. Amene mukuganiza zodzapita nazo kumudzi, magetsi a kuno ndi a ku Malawi ndi amodzi, 230 volts, chosiyana ndi pulagi yokha, kuno ya mano ozungulira, kwathu ya mano a makona. Chenjerani ndi zoitanitsa ku America, n'za 110 volts. Masingano ndi ma nozzle mugulire konkuno musanakwere basi, ndipo thinner ndi penti woyaka moto saloledwa m'ndege.

Chimodzi sindingachisiye. Ambirife timagona, kuphika ndi kupenta m'chipinda chimodzi. Nthunzi ya lacquer ndi thinner imayaka, ndiye chitofu cha gasi, hita ya palafini ndi kandulo zikhale zozima, zenera lotsegula, ngakhale kuzizire bwanji. Ana atuluke, ndipo asabwerere fungo lisanathe. Masiki ansalu a nthawi ya Covid aja satchinga nthunzi imeneyi. Pamafunika ya mphira yokhala ndi masefa a nthunzi ya penti, olembedwa A1 kapena A2, pamodzi ndi P2 kapena P3 ya fumbi. Ngakhale penti wamadzi wopanda fungo, timadontho take tikalowa m'mapapo situluka. Ngati chipinda chilibe zenera labwino, khalani pa penti wamadzi, muzipopera m'katoni pakhomo.

Mphwanga uja sanagulenso airbrush. Pa ziwiri zake zija, ya 0.2 tinaitsuka n'kuibwezera m'sokosi, ya 0.3 yopanda dzina tinaipaka kaphula m'mazinga. Ndalama imene anasungira yachitatu inapita ku masiki, retarder, kagalasi kokola madzi ndi singano yapadera. Kandege kaja tinakapukuta ndi sipiriti mpaka pulasitiki anaonekanso. Anatha milungu iwiri akupenta masupuni okhaokha, ndipo ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp usiku, ndikumuyankha kuti apa sendera pafupi, apa wachulutsa thinner. Lamlungu lina kumayambiriro kwa September, cha m'ma 1 koloko masana, atawaza madzi pansi, anatchera geji pa 12 PSI n'kuyamba mawanga a kumchira ndi 0.3 yomwe ija.